A Ndangofika ndi Nyumba ya Amayi

London, 2 Novembala 1987

Okondedwa Sisi Modupeh,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Freetown. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chayamba kuluma ndipo dzuwa likumalowa anthu tisanaweruke.

Nkhani yabwino ndi iyi: chaka chino Khirisimasi tidzadyera kwathu. Ine ndi mlamu wanu Pauline tifika pa 17 Disembala. Pauline watopa ndi za kuno. Chaka ndi chaka n'zomwezomwezo: kukaona magetsi a m'misewu, kuima pamzere m'masitolo, kenako kudya nkhukundembo youma titatseka mawindo. Ndamuuza kuti akaone Khirisimasi yeniyeni, ya anthu amoyo.

Musavutike kutikonzera pogona. Tidzakhala ku hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Lumley. Si kunyoza ayi, koma Pauline sanazolowere kusamba madzi a m'ndowa. Masiku ndi ochepa, zochita n'zambiri. Tikufuna kusambira pa magombe onse, kuvina ku dansi ya ku hotela, kumvera kwaya ya nyimbo za Khirisimasi, ndi kujambula zilombo za alenje zikamavina mumsewu tsiku lotsatira Khirisimasi. Inunso tidzakutengani kwina ngati mawondo akulola.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Mundipezere munthu wokhulupirika wosintha mapaundi pamtengo wabwino, osati wa ku banki. Komanso mutume munthu ayeze nyumba ya Amayi ndi bwalo lake lonse, kuyambira kumsewu mpaka pamtengo wa mapeyala wakuseri, munditumizire miyesoyo. Ndili ndi maganizo abwino pa nyumbayo. Tidzakambirana ndikafika.

Kodi denga likudonthabe?

Ndine mlongo wanu,
Ekundayo, amene kuno amamutcha Dan


London, 2 Novembala 1987

Wokondedwa Onikeh,

Moni kwa iwe, alamu ndi ana kumeneko ku Banjul. Ndikhulupirira ntchito ya kuchipatala ikuyenda.

Ndilankhule mosazungulira, poti iwe ndiwe namwino, umamva zinthu msanga. Nyumba ya Amayi ndi ya anthu atatu: Sisi Modupeh, ine ndi iwe. Ndi ya matabwa, chiswe chikuidya, ndipo ikadzagwa tidzagawana misomali. Pali mkulu wina wa malonda, Alhaji Sorie, akufuna malowo kuti agwetse nyumbayo amangepo masitolo. Mtengo wake ndi wabwino. Ndikupita ku Freetown mu Disembala kukamaliza nkhaniyi, Pauline akamasangalala ndi za Khirisimasi.

Sisi sindinawauze. Ukuwadziwa. Akamva pakalata adzakhala ndi mwezi wathunthu wonola lilime. Ndidzawauza pamaso, ndipo gawo lawo lidzawakwanira kuchita lendi zipinda ziwiri zasimenti kwinakwake. Munthu mmodzi, wamkulu kale, nyumba yosanja yonse ija aitani?

Loya akuti awiri mwa atatufe tikasaina, wachitatu akhoza kulira koma sangatseke njira. Ndiye ndikufuna dzina lako. Uganizire ana ako. Undiyankhe ndisananyamuke.

Mlongo wako,
Ekundayo


Freetown, 20 Novembala 1987

Mng'ono wanga Onikeh,

Ndakupatsa moni. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akulosera mphepo yozizira ya fumbi ija ya hamatani. Magetsi sitinawaone chiyambire sabata ino, koma bilu yake imabwera osaphonya. Uli bwanji ndi ana? Mankhwala opaka aja atha, ukapeza wobwera kuno unditumizire.

Mlongo wako wandilembera. Akubwera. Zaka zoposa makumi awiri munthu osaponda kwawo, maliro a mayi ake anawalira pa telegalamu, lero wakumbukira kuti kuno kuli magombe. Akuti dzina lake tsopano ndi Dan. Amayi anabuula masiku awiri kuti abereke Dan.

Ndiye chaka chino tikhala ndi Ndangofika wathuwathu, monga timawatchulira obwera kutchuthi kuchokera kunja aja. Anzake ayamba kale kutsika ndege. Uwaone m'tauni: kabudula, chipewa, botolo la madzi kumanja ngati akuwoloka chipululu, kufunsa mtengo wa nthochi m'mapaundi. Ife tikavala majuzi m'mawa chifukwa cha hamatani amatiseka: "Chisanu chimenechi? Simunachione chisanu inu." Ungayese chisanu cha ku London anachipanga ndi iwowo. Disembala yense amathamanga ngati awatuma, lero kugombe, mawa kudansi, mkuja kuukwati wa munthu amene sakumudziwa. Januwale akafika amabwerera, kutisiyira nsomba itakwera mtengo ndi atsikana angapo akusanza m'mawa.

Koma ndisaname, pali chimodzi chandifewetsa mtima. Wapempha miyeso ya nyumba, ndipo wafunsa ngati denga likudontha. Ndikuona ngati akufuna kutikhomera malata atsopano, mwinanso kumanga mpanda. Kapena manyazi amupeza pamodzi ndi imvi. Ndinaitana kalipentala, tayeza zonse, ndatumiza. Ndinalembaponso kuti makwerero akutsogolo avunda, poti akukonza akonzeretu.

Ndachapa makatani. Ndapaka utoto chipinda chake chakale ngakhale akuti akagona ku hotela. Usandiseke. Ndagulanso jinja wa chakumwa chija ankachikonda ali mwana. Akakana ndidzamwa ndekha.

Ndine mkulu wako,
Modupeh


Banjul, 23 Novembala 1987

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Tonse tili bwino. Mukanafunsa ana ndi mayina awo ndikanakuuzani zambiri, koma ndikudziwa mayinawo ndi ambiri, alipo atatu.

Za nyumba sindinganame, ndalama ndikuzifuna. Koma Sisi ndi amene ankasambitsa Amayi zaka zonse zija ali chigonere, ine ndili kuno, inu muli uko. Ndiye ine sindisaina chifukwa loya wanena. Ndisaina Amayi akavomera.

Mudzakhala kumeneko pa Chaka Chatsopano, tsiku lomwe aliyense amapita kumanda kukacheza ndi akwawo. Mupite pamanda a Amayi. Mwina kachitidwe kake munaiwala, ndikukumbutseni. Mutenge madzi, kachasu pang'ono, ndi njere ziwiri za mtengo wa kola, yofiira ndi yoyera. Muthire madzi, muwaitane, munene chomwe mwadzera. Njerezo muziswe pakati zikhale zibanthu zinayi, muponye pamandapo. Ziwiri zikagwa chagada, ziwiri chafufumimba, Amayi avomera. Zikagwa mwina, akana. Pakhale mboni. Akavomera mundilembere, ndidzasaina tsiku lomwelo.

Sisi muwauze nokha, ndipo msanga. Uthenga umenewu ine sindinyamula.

Mlongo wanu,
Onikeh


Ku hotela, Lumley, 21 Disembala 1987

Sisi,

Tinafika bwino Lachinayi. Pepani sitinabwerebe. Foni ya kuno sikugwira, ndiye ndatuma wa takisiyu. Lachisanu tinali kugombe, Loweruka kudansi, dzulo kukwaya, lero atiitana kuphwando la anzathu a ku London omwe tinakwera nawo ndege. Munthu sukupeza ndi mpata wokanda pamsana.

Freetown wasintha, Sisi! Zinyalala, maenje, mafuta a galimoto kuchita kugula m'mabotolo. Anthu inu mumapirira bwanji? Komabe gombe lokha ndi lokongola, ku Ulaya kulibe.

Tibwera pa Khirisimasi masana kudzadya. Tsabola achepe. Madzi akumwa tibweretsa athu. Tikadya padzafika mnzanga wina kudzangoona nyumba, mumulandire bwino. Wosintha ndalama uja ali kuti? Mumulondolere wa takisiyu.

Dan


Freetown, 27 Disembala 1987

Onikeh,

Moni. Ndili moyo, ndi zokhazo ndinganene. Ndaona kuti mtima unakukana kundibisira: kalata yako yondichenjeza za nyumba yafika dzulo madzulo. Mayi amene unamupatsira anayamba wazungulira nayo maukwati onse a mu Freetown, moti ili ndi banga la mafuta a nkhuku. Ikanafika sabata yatha ikanandipulumutsa ku manyazi. Pano yangondiuza zomwe ndaona kale ndi maso.

Mlongo wako anabwera pa Khirisimasi, atatha sabata yathunthu mumzinda womwe uno. Ndinaphika mpunga wa jolofu, nkhuku ya tsabola ndi chigwada cha mafuta ofiira. Ndinavala diresi ya kutchalitchi. Iye anatsika takisi atavala kabudula, mimba patsogolo, kamera pamimbapo. Anandikumbatira ngati wandale pamaliro, nati, "Sisi, mwakalamba!" Ndinati, "Eya, ndimakalambira pompano tsiku lililonse. Ukanabwera ukanaonerera."

Mkaziyo ndilibe naye mlandu. Mzungu wowonda, waulemu, anadya zonse misozi ya tsabola ili mbwembwembwe, napempha zina. Amene ankadzikupiza pakamwa ndi mlongo wako, wobadwira m'chipinda chapamwambachi. Chakumwa cha jinja ananunkhiza n'kufunsa ngati madzi ake ndinawiritsa. Nthawi yonse ya chakudya anatisimbira zomwe achita: gombe ili, gombe ilo, dansi ya ku hotela kumene mbale imodzi ya nkhanu ikufanana ndi penshoni yanga. Ndinamufunsa ngati pa zochita zakezo pali tsiku loona abale. Akuti aona ngati mpata upezeka.

Tisanatsuke mbale panaima galimoto yaikulu. Anatuluka Alhaji wina wa mkanjo woyera, ndi munthu wonyamula chingwe choyezera. Ine mwa kupusa kwanga ndinayesa ndi womanga. Ndinamutengera pamwamba kuti ndimuonetse podontha, koma iye maso ali pawindo, kuyang'ana bwalo ndi msewu.

Ndinati, "Alhaji, denga lili kumwambaku."

Anaseka. "Mayi, denga ndi lanu, mudzasasule mupite nalo. Matabwanso mudzatenge, mudzaphikire. Ine ndikufuna dothi lokha."

Ndinatsika. Ndinapeza mlongo wako akutokosa m'mano pampando wa Bambo.

"Ekundayo, wabwera kudzagulitsa nyumba?"

"Sisi, tiyeni tikambirane ngati anthu ophunzira."

"Ndakufunsa."

"Si kugulitsa kokha ayi, ndi kukumasulani. Mudzakhala m'nyumba yasimenti, ya bafa la m'kati."

"Miyeso ija ndinakuyezera ndine, kalipentala ndinalipira ndine."

"Ndipo munayeza bwino kwambiri. Alhaji ayamikira."

Onikeh, ndinali ndi chipande m'manja. Chinamupulumutsa ndi mlendo wachizunguyo, ndinaopa kuti akanena kwawo kuti umo ndi momwe timadyera Khirisimasi.

Kenako Ekundayo anati, uku akuseka, "Musaope, Onikeh waika lamulo. Akuti tikafunse Amayi ndi kola pa Chaka Chatsopano. Namwino wathunthu, wa satifiketi! Koma palibe kanthu, Pauline adzajambula. Anzathu ku London zoterezi amangoziona pa kanema."

Ndiye iwe mng'ono wanga wandichita zotani? Ndikudziwa umafuna kunditchinjiriza, koma waika pogona panga pa zibanthu zinayi za kola. Ndakhala ndikuponya chaka ndi chaka, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zina Amayi amavomera zinthu zomwe ali moyo akanakutukwanira. Akavomera, iwe usaina, ine mipando ya Amayi ndipita nayo kuti? Ndinabadwira muno. Ukwati utatha ndinabwerera muno. 

Ukuganiza kuti mlongo wako anachita manyazi? Dzulo m'mawa anabweranso, chifukwa zilombo za alenje zimadutsa mumsewu wathu ndipo windo lathu lapamwamba ndilo loonera bwino. Nyumba yakugwa ija! Kenako anatsika kuti ajambule pafupi. Chilombo chimodzi, chonse nyanga, zikopa ndi minga ya nungu, chinamuimira kutsogolo, alenje ake n'kumuzinga akuimba kuti Ndangofika alipire. Aliyense wokulira pano amadziwa kuti chilombo sujambula usanapereke. Anakhuthula m'thumba monse, nathawira kumbuyo kwanga. Ine ndinasuntha.

Ndine mkulu wako, amene mwina mwezi wamawa adzakulembera ali pa adiresi ina,
Modupeh


30 Disembala 1987

Ekundayo,

Lachisanu m'mawa ubwere kunyumba kuno ndi takisi yako, tipitire limodzi kwa Amayi. Kola ndagula. Uvale thalauza.

Modupeh


Ku hotela, 31 Disembala 1987

Sisi,

Zikomo, koma musavutike. Kola ndagula wanga, wanuyo sindikudziwa komwe wagona. Komanso mukakhalapo mudzayamba ndinu kulankhula ndi Amayi, ndipo ine mpata sindidzaupeza. Ndipita m'mamawa ndi Pauline, ndi Alhaji ngati mboni, chifukwa dzuwa lisanakwere tiyenera kukhala pa boti lopita kuphwando la kuchilumba. Sindine mlendo. Ndikudziwa pomwe makolo anga agona, bokosi la Bambo ndinanyamula nawo.

Chaka chabwino.

Dan


Freetown, 2 Januwale 1988

Mng'ono wanga Onikeh,

Chaka chabwino kwa iwe ndi onse. Khala pansi, ndipo ngati ukumwa tiyi yamba waika kapu patebulo.

Lachinayi mlongo wako ananditumizira kakalata kuti kumanda apita yekha, poti akudziwa pomwe makolo ake agona. Ndinawerenga kawiri. Wa takisi anafunsa ngati pali yankho. Ndinati palibe.

Fungo lake walimva kale, koma ndilembe ndithu kuti zikhale papepala. Malo a pambali pa Bambo ku manda a Kissy Road tinkasungira Amayi. Sisi Marian, mkazi wamseri wa Bambo uja, atamwalira, ana ake anathamanga n'kumuika pomwepo, ndipo mwala wa dzina sanaukwanitse mpaka lero, ndi simenti chabe. Amayi analumbira kuti mitala anaipirira pamoyo, m'manda ayi, n'chifukwa chake tinakawaika kwawo ku Regent, kuphiri. Zonsezi ndinamulembera Ekundayo nthawi ya maliro. Zikuoneka kuti atafika pa mawu akuti ndalama za bokosi anapinda kalatayo.

Ine dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Regent. Kunali nkhungu ndi kamphepo, anthu ali ndi maluwa, mabotolo ndi matsache. Ndinalambula, ndinathira madzi, ndinawauza Amayi nkhani za chaka chonse: ndani wamwalira, ndani wakwatiwa, mpunga wafika pati. Za nyumba sindinafunse. Funsolo si langa.

Nditabwerako chakumasana ndinamva kugogoda. Kutsegula, Josephus, mwana woyamba wa Marian, telala uja wa ku Fourah Bay, atavala suti yakuda, chipewa kumanja. Munthu amene chibadwire sanapondepo pamakwerero athu, amene Amayi ankatiuza kuti tikakumana naye tiziyang'ana kumbali.

"Chaka chabwino, Sisi Modupeh."

Ndinati, "Sisi wako ndi ndani?"

"Kuyambira m'mawa uno, ndinu. Ndilowe?"

Zomwe anandisimbira ndi izi, ndipo ndazimvanso kwa anthu ena omwe analipo, sanawonjezere. Iye ndi abale ake anafika kumanda ndi madzi awo ndi kola wawo. Manda onse odzaza, banja lililonse pa wake. Anapeza pamanda a mayi awo pagwada bambo wonenepa, mzungu akujambula, Alhaji ataima chapatali atakwinya mkanjo kuti usade. Bamboyo akulira mokweza: "Amayi! Ndine mwana wanu, ndabwera! Mundikhululukire!" Botolo lathunthu la kachasu wa ku Ulaya anakhuthulira pomwepo. Marian ameneyo, amene pamoyo wake wonse sanalawepo ngakhale madzi a m'nyumba mwathu.

Mlongo wake wa Josephus ankafuna kukuwa, Josephus anamutsina kuti akhale chete. Ekundayo ananena za nyumba, zonse, mpaka dzina la msewu. Anaswa kola, naponya. Ziwiri chagada, ziwiri chafufumimba. Analumpha. "Avomera! Pauline, jambula! Alhaji, mwaona nokha!"

Apo m'pomwe Josephus anayandikira namugwira dzanja ndi manja awiri. Anati, "Achimwene, Mulungu akudalitseni. Zaka zonsezi a kwanu sanatiyesepo anthu. Lero, pamaso pa khamu lonseli, mwagwadira mayi athu, mwawatchula Amayi, mwawapempha chilolezo pa nyumba ya Bambo athu. Mwaonetsa nokha kuti ali ndi gawo. Ife ana awo tilipo asanu. Tikhale liti pansi?"

Ekundayo anafunsa, "Pepani, ndinu ndani?"

Amayi ena a pamanda oyandikana nawo ndiwo anayankha: "Ndi mbale wako, Ndangofika iwe! Unkagula kola osafunsako anthu njira?" Manda onse kuphulika kuseka.

Alhaji sanatsanzike. Anangonena kuti iye amagula malo, sagula milandu, nakalowa m'galimoto. Mlongo wako ku boti lake anapita ndithu, poti tikiti inali yolipira kale.

Ndinaseka, Onikeh, mpaka ndinagwira khoma. Kenako ndinaona kuti Josephus sakuseka. Ankayang'ana chitseko cha zipinda zapansi.

"Sisi, m'menemu mumagona munthu?"

"Mumagona mipando ya mayi anga."

"Ine ndi mkazi wanga ndi ana asanu tili m'chipinda chimodzi, ndipo mwininyumba akutitulutsa kutha kwa mwezi. Sindikukakamiza. Kungoti timati nyumba ya mayi anu, koma anamanga ndi Bambo, ndipo loya aliyense angakonde kuona chithunzi chija. Mlamu wachizungu walonjeza kunditumizira. Ndi mayi wabwino."

Anavala chipewa, napita.

Ekundayo akunyamuka mawa. Sanabwere kudzatsanzika ndipo sindikumuyembekezera. Undilembere msanga, ndimve maganizo ako. Mankhwala aja usaiwale.

Ndine mkulu wako,
Modupeh


London, 19 Januwale 1988

Sisi Modupeh,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo ndikhulupirira mwakondwa. Tinafika bwino. Kuno kukuzizira koopsa ndipo ndili ndi chimfine.

Munadziwa. Munawerenga kakalata kanga, munadziwa komwe ndikupita, n'kundisiya ndikagwadire mkazi amene analiza Amayi moyo wawo wonse. Mlongo weniweni angachite zimenezo? Ku hotela ngakhale operekera zakudya ankandipatsa moni wakuti "mwana wa Marian". Pauline sakumvetsa. Akuti linali tsiku lokongola kuposa onse, ndipo chithunzi watumiza kale kwa telala uja ndisanamuletse.

Alhaji sakuyankha. Loya akuti anthu aja akapita kukhoti mlandu ungadye zaka khumi. Onikeh wandilembera mzere umodzi wokha, wakuti iye anati Amayi, sanati mayi aliyense.

Komabe zinthu zikhoza kukonzeka. Mupite ku Regent m'malo mwanga, muponye kola m'dzina langa pamaso pa mboni, mundilembere zotsatira. Ndikudalira chilungamo chanu. Telalayo musamulole ngakhale kukhala pakhonde. Wogula wina ndimupeza.

Mundiuzenso, ku Regent Amayi agona chapati? Pali mwala? Tsiku lija ndinalira zenizeni, Sisi. Sizinali za kamera.

Mlongo wanu,
Ekundayo


Freetown, 12 Febuluwale 1988

Ekundayo,

Moni. Chimfine umwere jinja ndi ndimu. Kuno hamatani yatha, kwatentha, a Ndangofika onse apita ndipo misewu yapuma.

Inde, ndinadziwa. Ndinakuitana kuti tipitire limodzi, iwe unati kola wanga sukudziwa komwe wagona. Ndinalemekeza maganizo ako.

Kola sindikuponyera. Wofunsa amagwada yekha. Ukafuna kufunsa Amayi ubwere pa Chaka Chatsopano chikubwerachi, ndidzakutengera. Ukatsika minibasi pali phiri lokwera ndi miyendo, ndipo kulibe gombe. Mwala ulipo, tinaika ine ndi Onikeh. Misozi yako ndikuikhulupirira. Inangogwera pa munthu wina.

Za telala wachedwa. Josephus analowa kumayambiriro kwa mwezi uno, ndi mkazi wake, ana ndi makina osokera. Ndinamutsegulira ndine. Ndinakhala pansi n'kuganiza: nyumba ya nkhalamba imodzi imagulika, koma nyumba yodzaza zidzukulu za Marian, amene mlongo wanga anamuvomereza yekha atagwada, palibe Alhaji angaiyandikire. Wogula wako winayo umuuze kuti osaina tsopano tilipo asanu ndi atatu, ndipo asanu mwa iwo alibe chifukwa chokusangalatsira.

Ndiye nyumba sigulitsidwa. Usaganize kuti ndapambana. Makina amayamba kulira tambala asanalire. Amakazinga nsomba pansi pa windo langa. Ana amatsetsereka pa chogwirira cha makwerero, amanditcha Azakhali, ndipo wamng'ono ali ndi mphumi ya Bambo ndendende, moti sinditha kumukalipira bwinobwino. Mipando ya Amayi ndinaikweza pamwamba, ndikuchita kuyenda chammbali. M'chipinda chomwe Amayi ankapemphereramo apachika chithunzi cha Marian, ndipo pambali pake chithunzi chako, uli chogwada.

Lamlungu lapitali ndinakwera ku Regent kukawauza Amayi ndekha, asamve kwa anthu. Ndinathira madzi, ndinanena zonse, osabisa ngakhale za chithunzicho. Kola sindinatenge. Yankho lawo ndikulidziwa, ndipo ndilibe kwina kogona.

Ndine mlongo wako,
Modupeh